Kuona maso a nkhono n'kudekha

Mwambi uwu timaukonda pakamwa, koma pakhomo timatsata mawu ena amene si mwambi n'komwe, ngakhale amanenedwa mwaukulu ngati nzeru za makolo: "Musiyeni, akamva njala adya." Amanenedwa kwa mwana wokana phala, kwa nkhalamba yodwala imene yabweza mbale, ndi kwa chiweto. Posachedwapa mawu amenewa apha mphaka ku Insaca kuno, m'boma la Mecanhelas, ndipo anthu aseka. Imfa ya mphaka ndikadaipirira. Chimene chandilembetsa ndi kusekako.

Za nkhono sindichulukitsa. Mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja za Chiuta ndi Chilwa akudziwa kuti ukaigogoda imalowa m'chigoba, ukaisiya imatulutsa yokha tinyanga take. Chimene ambiri amaphonya n'chakuti mwambiwu sukuyamikira munthu wokhala manja lende. Ukunena kuti pali zinthu zimene mphamvu imazibweza m'mbuyo, moti ukamazikankha m'pamene zimabisala. Chizolowezi cha pakamwa ndi chimodzi mwa zimenezo.

Nkhani yake idayenda chonchi. Mphunzitsi wina adasamutsidwa kuchokera ku Nampula kubwera kuno ndi banja lake. Adabwera ndi mphaka wamphongo, wonenepa, amene chibadwire sadadyepo china koma timibulu touma ta m'matumba tija amati ração. Dzuwa la Okutobala litafika pachimake, mphakayo adayamba kukodza movutikira. Mlangizi wa ziweto atamuona adanena zomveka: timibuluti n'touma, mphakayu samwa madzi okwanira, muzolowezeni chakudya chamadzimadzi. Mwana wamkazi wa mphunzitsiyo ndiye adasenza ntchitoyo. Ankaika mbale ziwiri, ina ya timibulu, ina ya kamsuzi ka matemba owiritsa. Masiku oyamba mphaka sankaiyang'ana n'komwe mbale yachiwiriyo. Kenaka adayamba kununkhiza. Pambuyo pake adayamba kunyambita m'mphepete.

Apa m'pamene padagwa maliro ku Lichinga. Banja lonse lidanyamuka, nyumba n'kusiyira mlamu wawo. Mlamuyo ataona mbale ziwirizo adapukusa mutu. "Alamu, mphakayu mwamusasatitsa. Pitani, pobwera mudzampeza akudya nsima ngati anzake." Adabisa thumba la timibulu, adatsekera mphaka m'chipinda cha matumba a mpunga, n'kumuikira nsima yosakaniza ndi ndiwo zotsala. Mphaka sadakhudze. Eni ake pobwera adampeza ataonda msana, m'makutu ndi m'nkhama muli chikasu, malovu akuchucha. Ulendo wa ku Cuamba kukafuna thandizo udakonzedwa mochedwa. Pamsika nkhani idamveka yakuti mphaka wa m'tauni wafa ndi kunyada.

Sadafe ndi kunyada. Adafa chifukwa munthu wina adaganiza kuti mimba ya mphaka imagwira ntchito ngati ya galu. Galu akhoza kugona ndi njala masiku angapo, kenaka n'kumeza chilichonse chimene wapeza. Thupi la mphaka silitero. Akasiya kudya, mafuta a m'thupi amathamangira ku chiwindi kuti asanduke mphamvu, koma chiwindi cha mphaka sichitha kugaya mafuta ochuluka nthawi imodzi. Chimadzaza, chimatupa, chimalephera ntchito yake. Madokotala a ziweto amatcha nthendayi hepatic lipidosis, ndipo imakonda kwambiri amphaka onenepa. Ikayamba imabweretsa nseru, nseru n'kuchotseratu chilakolako cha chakudya. Tsono taonani bodza la mawu aja. Pa mphaka, njala ikapitirira malire siitsegula pakamwa, imatseka. Tsiku lililonse limene mlamu uja ankadikira kuti mphaka agonje, mphakayo ankataya ngakhale mphamvu yofunira chakudya.

Mlangizi uja sadalakwe. Kholo la mphaka wa pakhomo ndi mphaka wakutchire wa kumadera ouma a kumpoto kwa Africa ndi Middle East, amene akatswiri amamutcha Felis lybica. Kumeneko madzi ankawapeza m'nyama imene wagwira, n'chifukwa chake mpaka lero mphaka samva ludzu msanga. Thupi la mbewa ndi madzi pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse. Chakudya cha amphaka cha m'zitini chimakhala ndi magawo 75 mpaka 80. Timibulu touma tili ndi magawo 10 okha. Mphaka wodalira timibulu amakodza mkodzo wochepa ndi wolimba, ndipo kwa wamphongo, amene njira yake ya mkodzo ndi yopapatiza, pamenepo pali ngozi. Choncho kusintha chakudya kunali koyenera. Funso linali la njira yake basi.

Wina afunsa kuti nanga bwanji nyama yanjala ikane chakudya chili pamphuno pake? Chifukwa kwa iye sichinali chakudya. Mwana wa mphaka amaphunzira m'miyezi yake yoyamba chimene chimadyedwa: fungo lake, kulimba kwake m'kamwa, kutentha kwake. Amene adakula akukukuta timibulu amaona chinthu chofewa ndi chonyowa ngati chachilendo, ndipo chachilendo amachiopa. Nsima ndiye siimuitana n'komwe. Mu 2005 akatswiri a ku Monell Chemical Senses Center mumzinda wa Philadelphia adaonetsa kuti lilime la mphaka silimva kutsekemera. Thupi lake lidapangidwira nyama. Mu 1987 dokotala wa ziweto Paul Pion ndi anzake a ku University of California, Davis adapeza kuti amphaka osowa taurine, chinthu chofunika m'thupi chimene chimapezeka m'nyama ndi m'nsomba koma osati m'chimanga, amadwala mtima. Amphaka a m'midzi mwathu amene timati amakhalira nsima, zoona zake n'zakuti amakhalira makoswe, mbewa, abuluzi ndi ziwala zimene amagwira usiku ife tili mtulo. Mlamu uja adatsekera m'chipinda mphaka wosadziwa kusaka, n'kumupatsa chakudya chimene ngakhale akadachidya sichikadamusunga.

Ndipo ife amene tikuseka mphaka wosankha zakudya, tidziyang'ane. Akuluakulu a m'boma lino la Mecanhelas akukumbukira chilala cha 1992, chaka chomwe nkhondo ya m'dziko muno idatha ndi mgwirizano wa ku Rome. Amene anali kuno ndi amene anali m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi adalandira chimanga chachikasu chochokera kunja. Adadya, inde, chifukwa munthu si mphaka. Koma kodi njala idawakondetsa nsima yachikasu? Mvula itabwerera, aliyense adabwerera ku chimanga choyera, ndipo mpaka lero ena akaona ufa wachikasu amakumbuka masautso. Njala imatha kumezetsa munthu chinthu, koma siimuzoloweza. Kawirikawiri imamudanitsa nacho moyo wake wonse.

Mtsikana uja, popanda kuwerenga buku lililonse, ankachita zimene madokotala a ziweto amalangiza. Choyamba ndi kuleka kusiya timibulu m'mbale tsiku lonse. Mphaka azidya pa nthawi zoikika, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo mbale izichotsedwa pakapita theka la ola, kuti nthawi ya chakudya izimupeza ali ndi chilakolako. Chachiwiri ndi kuika kasupuni kamodzi ka chakudya chatsopano pambale yake yosazama, pafupi ndi chakudya chakale, osamuumiriza. Akachinunkhiza n'kuchoka, tsiku limenelo lapindula. Chakudyacho chikhale chofunda ngati thupi la mbewa yongogwidwa kumene, pakuti chofunda chimatulutsa fungo. Mukhoza kusinja timibulu pang'ono n'kuwaza pamwamba, kuti fungo lodziwika limutsogolere ku chosadziwika. Mukhozanso kunyowetsa timibuluto ndi madzi ofunda, lero madontho ochepa, sabata yamawa ochulukirapo, kufikira pakamwa pazolowera zofewa. Akayamba kudya, muzionjezera chatsopano ndi kuchepetsa chakale pang'onopang'ono. Ena amasintha pa sabata imodzi, ena amatenga mwezi, ouma mutu amatha miyezi ingapo.

Kuno sitifunika zitini za ku Nampula kuti tichite zimenezi. Matemba, makumba ndi milamba ya m'nyanja zathu zilipo, mitima ndi nyama ya nkhuku ziliponso. Koma nsomba iwiritsidwe, chifukwa nsomba zambiri za mtundu wa matemba zikakhala zaziwisi zili ndi chinthu chimene chimaononga vitamini B1 m'thupi. Minga ichotsedwe. Mchere usalowemo, ndipo anyezi ndi adyo ndi poizoni kwa mphaka chifukwa zimaononga magazi ake, choncho ndiwo zotsala pa mbale zathu si zake. Nsomba yokhayokha tsiku ndi tsiku siikwaniranso, izisinthana ndi nyama. Pa kutentha kwa kuno, chotsala pambale chitayidwe chisanasase ndi kuitana ntchentche. Ndipo lamulo loposa onse ndi ili: maola 24 asathe mphaka asanadye kanthu. Akakana chatsopano tsiku lonse, mubwezereni timibulu take, mudzayambirenso mawa. Kumeneko si kugonja. Palibe mpikisano pakati pa munthu ndi mphaka wake.

Ndivomere, monyinyirika, kuti otsutsa ali ndi mfundo zingapo. Yoyamba: njala pang'ono imathandizadi, ndipo mphaka amene mbale yake imakhala yodzaza usana ndi usiku sangayese chatsopano. Koma njala ya maola ochepa pakati pa chakudya cha m'mawa ndi cha madzulo n'njosiyana ndi njala ya m'chipinda chokiya. Yoyambayo ndi dongosolo, yachiwiriyo ndi chilango.

Yachiwiri: kudekha kuli ndi malire, ndipo Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mphaka wamphongo amene akudzikakamiza kukodza osatulutsa mkodzo, akulira, mimba italimba, sadikiridwa ngakhale usiku umodzi, pakuti mkodzo ukatsekeka impso zimaonongeka ndipo amafa m'masiku awiri kapena atatu. Amene wakana chakudya chilichonse, ngakhale chimene amachikonda, ndi wodwala, si wonyada, ndipo afunika dokotala msanga. Wodekha weniweni amakhala tcheru, n'chifukwa chake amadziwa tsiku lodikira ndi tsiku lothamanga.

Yachitatu: mphunzitsi uja nayenso ali ndi gawo lake. Kuwongola mtengo n'poyamba. Akadamulawitsa mphakayo zakudya zosiyanasiyana ali wamng'ono, ntchito yonseyi sikadakhalapo. Ndikuvomera. Koma zikatero ndiye kuti amene adamupanga kukhala wosankha ndi munthu, ndipo sizomveka kuti chilango cha kulakwa kwa munthu chigwere nyama.

Mfundo yolemera koposa ndi ya amene akuti m'boma limene ana ena amagona ndi njala, n'chamanyazi kuvutika ndi chakudya cha mphaka. Mawuwa ndimawalemekeza akamachokera kwa mayi amene alibedi chopatsa ana. Koma amene ankaseka pamsika paja sadapititse mbale ya mphakayo kwa mwana wamasiye aliyense. Umphawi adangoutchula kuti uphimbe nkhanza. Komanso masamu ake sakugwirizana nawo. Kamulu ka matemba n'kotchipa kuposa thumba lokwera sitima kuchokera ku Nampula, ndipo amene amasunga mpunga, chimanga kapena nandolo akudziwa chimene makoswe amachita m'nyumba yopanda mphaka. Nthawi imene ikadafunika inali mphindi zochepa m'mawa ndi madzulo. Chimene chidasowa si ndalama.

Mlamu uja si munthu woipa mtima, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ikundiopsa. Adachita zimene ambirife timachita: ulesi tidauveka dzina la mwambo. Kudikira kumafuna kuti ubwere mawa, ubwerenso mkuja, uone ngati mbale yanyambitidwa, usinthe pang'ono, upirire kukanidwa. Kukiya chitseko kumafuna kiyi basi, ndipo kumakupatsa ulemu wa munthu wosanyengerera. Dzanja lomwelo ndi limene limatsina mphuno ya khanda kuti limeze phala, khandalo n'kukula likulira likangoona supuni. Ndi lomwelonso limachotsa mbale pamaso pa agogo odwala n'kunena kuti akufuna kunyengereredwa, chonsecho mano adatha ndipo nsima ikuwalimbira. Pa anthu zotsatira zake zimabisika zaka zambiri. Mphaka wangotionetsa zomwezo m'masiku ochepa.

Choncho amene mwasiyiridwa chamoyo cha mnzanu, kaya ndi mwana, wodwala kapena chiweto, yambani mwafunsa kuti chimadya chiyani, nthawi yanji, ndipo eni ake afika pati pochizoloweza. Mukapeza mbale ziwiri, dziwani kuti wina adaziika ndi cholinga. Ngati mulibe mtima wopitiriza ntchito imene mnzanu adaiyamba, nenani asananyamuke, apeze wina womusiyira.