Samu ya kalaliki inali yokhoza

Masamu amawaika m'mawa, mitu isanatope. Pa sekondale ina yoyendera ku Chiradzulu, mtsikana wa Fomu 2 watsegula kope, rula ndi pensulo zili pambali. Pabolodi aphunzitsi ajambula chinthu cha ngodya zitatu, ngodya imodzi yowongoka bwino ngati kona ya nyumba. Mbali ina ndi 3, ina ndi 4. Nanga yayitaliyo? Mtsikanayo achulukitsa 3 ndi 3 n'kupeza 9, kenako 4 ndi 4 n'kupeza 16, aphatikiza zikwana 25, ndipo alemba kuti yankho ndi 5. Aphunzitsi afika ndi bolopeni yofiira, achonga, apitirira. Mwana wa ku Mzuzu, wa ku Mumbai kapena wa ku Lima akapeza nambala ina, ndiye kuti walakwa, ndipo palibe mfumu ingamuweruzire mokomera.

Ikatha buleki, kalasi yomweyo ilowa m'phunziro la mbiri. Funso lake: fotokozani zimene zinachititsa John Chilembwe kuukira boma la atsamunda mu 1915. Apa bolopeni yofiira imayenda pang'onopang'ono. Wina walemba za thangata, wina za nkhondo ya azungu imene inkatha ana a eni dziko, wina za matchalitchi otenthedwa, ndipo onse apeza malikisi. Mwana wochenjera sachedwa kufunsa mumtima: kodi choonadi n'chimodzi, kapena chilipo cha m'mawa ndi china cha masana?

Funsoli n'lakale kuposa sukulu yake. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, ankadabwa kuti 7 kuphatikiza 3 zimakwana 10 lero, dzulo ndi mawa, pomwe zonse zogwirika zimatha ndi kusintha. Kwa iye chimenechi chinali chizindikiro chakuti pali choonadi chimene munthu sachipanga koma amangochipeza, ndipo anachilondola mpaka kwa Mulungu. Mmisiri womanga nyumba kumudzi kwa mtsikana uja amatsamira pa chinthu chomwecho ngakhale sanamvepo za Augustine: poyala maziko amakoka chingwe, kuyeza 3 uku, 4 uku, ndipo pakati pakakwana 5 amadziwa kuti kona yakhala. Samuyi imatchedwa ya Pythagoras, koma alembi a ku Babulo ankaidziwa zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe. Malamulo owerengera ndi ziro anawalemba ndi Brahmagupta ku India mu 628, ndipo dzina la alijebula linachokera m'buku la al-Khwarizmi wa ku Baghdad. Amene amati masamu ndi nzeru za azungu amawapatsa azunguwo chuma chimene si chawo okha.

Kuchokera pamenepa n'kosavuta kuterereka n'kunena kuti masamu ndiwo oona, mbiri ndi nkhambakamwa, aliyense amangokokera kwake. Ophunzira ambiri amatuluka m'kalasi ndi maganizo amenewa, ndipo n'zomvetsa chisoni, chifukwa mbiri ya kwawo komweko ku Chiradzulu imawatsutsa.

Pa minda ya A. L. Bruce Estates ku Magomero, anthu okhala pamalo a mzungu ankagwira thangata: mwezi umodzi wolipirira malo, wina wolipirira msonkho wa boma. Pakamwa inali miyezi iwiri. Koma masiku ankawerengedwa pa tikiti, ndipo munthu akalephera kumaliza ndime imene wapatsidwa, tsikulo silinkachongedwa ngakhale wakhetsa thukuta kuyambira mbandakucha. Motero mwezi unkatalika ngati mphira. Kuchonga kumene lero kumasangalatsa mwana m'kope kunali m'manja mwa kapitawo, ndipo kunkanena ngati bambo apite kukalima munda wake mvula isanathe kapena ayi. Uwu ndi mlandu umene zipembedzo zimaudziwa bwino. Mneneri Amosi anadzudzula amalonda ochepetsa muyeso ndi kupotoza sikelo, ndipo Qur'an ili ndi sura yathunthu yotchedwa ndi dzina la anthu obera pa muyeso. Woba ndi manambala amagwidwa ndi manambala omwewo, bola woberedwayo adziwe kuwerenga. Sukulu za Providence Industrial Mission, imene Chilembwe anakhazikitsa ku Mbombwe atabwerako ku America mu 1900, zinkaphunzitsa ana kuwerenga ndi kuwerengera, ndipo woyang'anira minda ya ku Magomero ija, William Jervis Livingstone, ankatentha nyumba zopemphereramo zimene anthu a mpingowo ankamanga pamalo a esiteti.

Koma pali mlandu wina wovuta kuposa uwu, ndipo ndi umene uyenera kusowetsa tulo aphunzitsi a maphunziro onse awiri. Ku boma kunali kalaliki amene sankaba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, msonkho wa nyumba unali mashileni 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira 3 okha. Kalalikiyo ankawerenga nyumba za m'mudzi, kuchulukitsa ndi mashileni, kugawa ndi 20 kuti apeze mapaundi, ndipo buku lake linkagwirizana mpaka kobiri lomaliza. Aphunzitsi a masamu akanaliona akanachonga tsamba lililonse. Komabe lamulo la 6 ndi 3 linakonzedwa dala kuti munthu asiye munda wake akalime wa wina. Samu inali yokhoza, sikelo inali yolungama, koma chimene chinkayezedwacho chinali chopanda chilungamo. Choonadi chosasintha chija chimene Augustine ankachilemekeza sichinakane kulowa m'buku la msonkho. Nambala imanena kuchuluka kwa mashileni, koma ilibe pakamwa pofunsira kuti ndani anapatsa mlendo mphamvu yokhometsa msonkho pa nyumba imene munthu anamanga yekha ndi mitengo ya kwawo.

Funso limenelo limakhala m'phunziro la masana, ndipo n'kulakwa kuliyesa lofewa. Mbiri ili ndi mafupa ake olimba ngati 5 uja. Kuukira kunayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915. Livingstone anaphedwa ndi kudulidwa mutu m'nyumba mwake, mkazi wake ali pomwepo. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi Mulanje, tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe chinaphulitsidwa, ndipo otsatira ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa. Wolemba zosiyana ndi izi walakwa ngati wopeza 6 m'malo mwa 5. Ngakhale boma limagwidwa bodza: mu 1959 atsamunda anati a Nyasaland African Congress akonza chiwembu chopha azungu, n'kulengeza lamulo ladzidzidzi pa 3 Malichi, koma komiti yofufuza imene anatsogolera woweruza Patrick Devlin itamva mboni sinapeze umboni wa chiwembu chachikulu chimene bomalo linkanena.

Chimene mbiri imawonjezera ndi katundu amene masamu sasenzetsa mwana. Mtsikana uja akadziwa masiku ndi mayina, amayenera kuimabe pakati pa bambo wa tikiti yosachongedwa ndi mayi amene anaona mwamuna wake akuphedwa, ndipo onse awiri ndi oona. Kodi m'busa ngati Chilembwe angatenge mkondo? Akhristu a m'dziko muno sanagwirizanepo pa yankho. Ena amakumbukira kuti Chilembwe anayamba walemba kalata ku Nyasaland Times mu 1914 kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yosawakhudza, ndipo sanamvedwe. Ena amati magazi a ku Magomero sangatsukidwe ndi chifukwa chilichonse. Kusagwirizanaku sikutanthauza kuti chilungamo kulibe. Anthu akamakangana pa bwalo la mfumu za malire a munda, amakangana chifukwa onse akukhulupirira kuti malirewo alipo. Mphunzitsi amene amangolembetsa zifukwa zisanu pabolodi kuti ana aloweze za mayeso a MANEB amawabera ana gawo limeneli, ndipo amawasiya ngati kalaliki uja, odziwa kudzaza tsamba mosalakwitsa.

Belu lowerukira likalira, mtsikanayo apatukira pa okala kukagula kope latsopano. Atulutsa K500 yopindapinda, pamene pali nkhope ya Chilembwe. Pa chenji alandira K200 ya nkhope ya Rose Chibambo, amene anamangidwa pa lamulo ladzidzidzi la 1959 lija. Awerenga ndalamayo kawiri asanachoke pawindo, monga anamuphunzitsira agogo ake, amene anayamba kuwerengera ndi mashileni kwacha isanabwere mu 1971. M'chikwama muli homuweki iwiri: masamu khumi a ngodya zitatu, amene awamaliza dzuwa lisanalowe, ndi chimangirizo cha tsamba limodzi ndi theka, chimene achiyamba ndi kuchifufuta katatu pa kuwala kwa tochi.