KODI ULENDO WOWAWA UMAUMBA MUNTHU?

Kawirikawiri timauza ana kuti mavuto amalimbitsa munthu. Kodi mawu amenewa ndi oona nthawi zonse? Tisanawabwerezenso m'kalasi, tiyeni tiwayese ndi maulendo awiri a kumalekezero a dziko, kumene nyanja imaundana ndi kuzizira, ndipo dzuwa limatha miyezi osatuluka.

M'chaka cha 1881 Adolphus Greely anatsogolera gulu la ku America kunka ku chisumbu cha Ellesmere, kumpoto kwenikweni. Onse pamodzi anali amuna 25. Zombo zowatengera chakudya zinalephera kufika mu 1882 ndi mu 1883. Njala itakula, msilikali wina, Charles Henry, anayamba kuba chakudya cha anzake. Anamchenjeza koma sanaleke, ndipo mu June 1884 anamuwombera. Koma mu msasa womwewo munalinso David Brainard, amene ankagawa chakudyacho mokhulupirika ngakhale iyenso anali ndi njala. Obwerera kwawo amoyo anali 6 okha.

Taonani: njala inali imodzi, koma zipatso zake ziwiri. Tsono sitinganene kuti mavuto paokha amakonza munthu. Kodi ndiye kuti amangoulula zimene zinali kale mumtima? Tisafulumire.

Mu 1914 Ernest Shackleton ananyamuka kunka ku Antarctica pa chombo chotchedwa Endurance. Madzi oundana anachipana chombocho mu January 1915, ndipo mu November chinamira. Amuna 28 anatsala pa madzi oundanawo ndi mabwato atatu. Mu April 1916 anafika pa Elephant Island, chisumbu chopanda anthu. Shackleton ndi anzake asanu anachoka pa bwato limodzi, nayenda mamailosi 800 kukafuna thandizo ku South Georgia. Otsala 22 anagona pansi pa mabwato awiri ovundikira miyezi inayi. M'mawa mtsogoleri wawo, Frank Wild, ankawauza kuti amange katundu, pakuti kapena bwana afika tsiku lomwelo. Pa 30 August 1916 anafikadi, ndipo mwa 28 aja sanafe ndi mmodzi yemwe.

Wild anaphunzira kuti mtima wotere? Mu 1909, pa ulendo wina wanjala, Shackleton anampatsa bisiketi yake ya tsiku limenelo, ndipo Wild sanaiwale. Chifundo chimene anachilandira ndi chimene anadzachipereka.

Kumbukiraninso mmisiri wa matabwa, Harry McNish. Mu December 1915 anakana kumvera lamulo pamaso pa onse. Koma ndi yemweyu amene pambuyo pake anakonza bwato lija kuti lipirire mafunde. Tsiku limodzi loipa silinanene zonse za iye. Komabe Shackleton, mtsogoleri wabwino uja, sanamlole kulandira mendulo imene ambiri a anzake analandira. Chipululu sichinachotse chakukhosi.

Yankho lathu nali. Ulendo wowawa uli ngati moto wootchera mbiya. Moto suumba mbiya ayi. Umalimbitsa imene inaumbidwa bwino, ndi kuswa imene inali ndi mng'alu. Koma munthu aposa mbiya, pakuti ali pamoto pomwepo angathe kusankhanso, ndipo dzanja la mnzake lingamuumbe. Aisraele nawonso anayenda m'chipululu chimodzi. Ambiri anang'ung'udza, koma Yoswa ndi Kalebe analimba mtima.

Aphunzitsi, m'kalasi mwanu muli ana amene ali kale pa ulendo wawo: wamasiye, wogona ndi njala, wodwazika amake. Musamuuze mwana wotere kuti mavuto ake ndi abwino. Njala yokha ingamphunzitse kuba monga ingamphunzitse kugawa. Chimene chidzasiyanitse ndi zizolowezi zazing'ono zimene aona kwa inu: kusunga lonjezo, kugawa mosakondera, kukhululuka msanga. M'mera mpoyamba.

Funso loti muliganizire sabata ino: ndi mwana uti amene akudikira bisiketi yanu?