Yendani, Ana Anga, Shuga Asanakupezeni

Ana anga ndi adzukulu anga, khalani pansi ndikutsineni khutu. Mwayamba ntchito, mukulandira kangachepe, ndipo ena mimba zayamba kutsogola. Anzanu akamati ndinu mabwana, inu mukungosekerera. Ine mtima sukukhazikika, chifukwa mafuta a pamimbawo ndiwo amalambulira njira matenda a shuga.

Mvetsani zimene zimachitika m'katimo. Thupi limayendetsedwa ndi mahomoni, timadzi toyenda m'magazi n'kumauza ziwalo chochita. Nsima mwadyayo imasanduka shuga m'magazi. Pamenepo kapamba amatulutsa homoni yotchedwa insulini, imene ili ngati munthu woodira pakhomo la minofu kuti shuga alowe akagwire ntchito. Munthu akanenepa kwambiri, makamaka pamimba, eni nyumba amayamba kugontha. Kapamba amawonjezera insulini, kuodira mokweza chaka ndi chaka, mpaka amatopa. Shuga amatsalira m'magazi n'kumawononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi. Shuga wa mtundu wachiwiri amayamba choncho.

Mafuta nawo ali ndi homoni yawo, leptin, imene Jeffrey Friedman ndi anzake anaitulukira ku New York mu 1994. Ntchito yake ndi kuuza ubongo kuti chakudya chosungidwa m'thupi chakwana. Mwa munthu wonenepa leptin imachuluka, koma ubongo suimvanso bwino. Choncho musamunyoze m'bale wanu kuti ndi wosusuka. Njala imene akumvayo ndi yeniyeni, ndipo akufunika mnzake woyenda naye.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti mnofu ukamagwira ntchito umadzikokera wokha shuga m'magazi, osadikira insulini. Ngakhale mutapuma, umakhalabe womvera insulini kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kapamba amapeza mpumulo. Koma pakadutsa masiku angapo muli khale, phindulo limazilala. Mpira wa Loweruka lokha sukwanira.

Izi zinayesedwa. Ku America, kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Amene anasintha kadyedwe n'kumalimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata anachepetsa chiopsezo cha matendawa ndi 58 peresenti, pamene omwa mankhwala a metformin anachichepetsa ndi 31 peresenti. Bungwe la WHO nalonso limatchula mphindi 150 zomwezo, ndiye kuti theka la ola masiku asanu pa sabata.

Sipofunika ndalama. Tsikani minibasi musanafike, mumalize wapansi. Pafupi pomwepa musakwere kabaza. Palasani njinga, gwirani khasu, vinani thukuta lituluke. Mukatha kudya, yendaniko pang'ono m'malo mongogona, pakuti nthawi imeneyo ndi pamene shuga amakwera.

Inu amene muli kale pa mankhwala, tcherani khutu. Ngati mumabaya insulini kapena mumamwa glibenclamide, shuga angatsike kwambiri mukamalimbitsa thupi. Mukamva kunjenjemera, chizungulire kapena thukuta lozizira, imani, mudye switi kapena mumwe madzi a shuga. Muziyenda nazo m'thumba. Mukathamanga mwamphamvu kwambiri, homoni ya adrenaline imauza chiwindi kutulutsa shuga, ndipo angakwere kwa kanthawi, zisakugwetseni mphwayi. Valani nsapato zosathina, ndipo madzulo aliwonse muziyang'ana mapazi ngati ali ndi chilonda. Mankhwala musasiye popanda mawu a dokotala, ndipo wa shuga wa mtundu woyamba sangakhale popanda insulini ngakhale atalimbitsa thupi chotani.

Matendawa amatha zaka osapweteka paliponse. Ngati kwanu kuli wina wodwala shuga, kapena lamba wayamba kukuthinani, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi mwezi uno. Ndipo mukamatuluka kokayenda, atengeni mayi anu ndi bambo anu, pakuti minofu ya okalamba nayo imamva.