Malata a Kalulu

Padangokhala Kalulu. Kalulu ameneyu anali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi msewu wa ku Mwanza, momwe mumadutsa mabasi a ku Joni. Anali ndi mkazi, khasu limodzi ndi nyumba yaudzu. Mvula ikagwa panja, m'nyumbamo inkagwanso. Apa dontho, apo dontho, pamphasa dontho.

Usiku wina mvula ili pakati, mkazi wake anabereka mwana wamwamuna. Kalulu anayang'ana mwana, anayang'ana denga, anayang'ananso mwana.

"Mayi a mwana," anatero, "malata 30 okha. Ndikawapeza ndabwera."

Panalibe womudzudzula. Feteleza anali atakwera, ganyu wa tsiku lonse ankathera pa mchere ndi sopo. Koma apongozi ake anamva. Poti mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, anakaima kuseri kwa nkhokwe n'kumalankhula ngati akuuza nkhuku.

"Amuna anga anapita ndi Wenela kukafuna njinga. Mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown ndi anthu athu, a Kamuzu analetsa za Wenela, anzawo anabwerako. Iwo analemba kalata kuti njinga yapezeka, yatsala belu. Belulo mpaka lero sindinalimve."

Kalulu anaseka. "Ajawo anali achikale, apongozi. Analibe foni. Ine ndine Kalulu."

Mwana anamutcha Dikirani, n'kukwera basi.

Mwanza, Zobue, mlatho wa Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Atawoloka Limpopo anamudindira masiku 30. Kalulu anawerenga zala. "Tsiku limodzi, lata limodzi. Zakwanira." Anatsikira pa Park Station makutu ali njo.

Ntchito anaipeza kwa Njovu: kutchetcha kapinga, kuthirira maluwa, kusambitsa agalu. Masiku 30 anatha, malata asanafike ndi atatu omwe. Kalulu anabisa pasipoti pansi pa matiresi n'kuphunzira kuyenda cham'mbali akaona galimoto ya polisi. Chaka chitatha malata anakwana. Kamba, mnansi wake wa kumudzi, ndiye anakawatenga pa ngolo, n'kukhoma nawo mpaka denga linati waliwali.

Foni inalira ku Joni.

"Bambo a Dikirani, nyumba yasiya kudontha. Mwana wanu wayamba kuyenda. Bwerani."

Kalulu anali atamanga kale chikwama. Koma madzulo omwewo Fisi, mnzake wa chipinda chimodzi, anamuonetsa chithunzi cha nyumba yake ya kumudzi. Njerwa zootcha, pansi pa simenti, mawindo a galasi. Usiku umenewo Kalulu tulo sanatione.

"Mayi a Dikirani, malata atsopano pa zipupa zadothi? Anthu atiseka. Chaka chino chokha."

Njerwa zinaumbidwa. Simenti inafika. Fisi anaika sola, Kalulu anati chaka chino chokha. Fisi anawonjezera zipinda, Kalulu anati chaka chino chokha.

Tsiku lina mkazi wa Njovu anabereka, ndipo ankafuna womulerera mwana. Makutu a Kalulu anaimanso.

"Mayi a Dikirani, manja awiri saposa manja anayi. Bwerani kuno, tikolole msanga tizipita."

"Nanga mwana?"

"Agogo ake alipo. Mwana wa zaka zitatu akudziwa chiyani? Akamadzazindikira tidzakhala titabwera."

Mayiyo anachoka m'bandakucha mwana ali m'tulo, kuti asamve kulira. Ku Joni anabereka kamwana ka Njovu kumsana ndi chitenje chomwe ankaberekera wake. Ankakasambitsa, ankakadyetsa phala, ankakaimbira nyimbo za kwawo mpaka kagone. Kamwanako kakagwa kankathamangira kwa iye, osati kwa mayi ake. Mawu ake oyamba anali a Chichewa.

Kumudzi, Dikirani ankadziwa kuti makolo ake amabwera Lamulungu. Agogo ankamusambitsa, n'kumukhazika pa mtondo, foni ili m'manja. Ikalira, mawu ankatuluka.

"Dikirani, uli bwanji? Kusukulu? Usamavute agogo. Ukufuna tikutumizire chiyani?"

Mphindi zisanu, mayunitsi atha.

Ndipo zinthu zinkabweradi. Bulangeti, mpira, chikwama cha mabuku, ndalama pa Mukuru mwezi uliwonse. Khirisimasi iliyonse kunkabwera nsapato. Koma Kalulu ankagulira phazi lomwe ankaliganizira m'mutu, pamene phazi lenileni linali litakula. Dikirani ankayesa, chidendene n'kutsala panja. Agogo ankati, "Usawauze, angakhumudwe," n'kukaziika m'chipinda.

Wokula amakula ndithu. Dzino loyamba linaguluka, agogo ndi amene analiona. Kukumba mbewa anaphunzira kwa Kamba. Kusema mpini, Kamba. Kupalasa njinga, Kamba anagwira kumbuyo, mwana n'kumusiya patali. Usiku wina malungo atamugwira mpaka kubwebweta, Kamba anamubereka pachigoba, pang'onopang'ono, mpaka anafika naye kuchipatala tambala akulira.

Khirisimasi ina mayi a Dikirani anati, "Tiyeni tikangomuona."

"Iwe, tinapyoza masiku. Tikatuluka pa Beitbridge atidinda kuti tisabwerenso zaka 5. Nanga mpanda amange ndani? Chaka chino chokha."

Agogo anadwala. Agogo anamwalira. Ndalama ya bokosi inafika tsiku lomwelo, bokosi lokongola loti mudzi wonse unalikamba. Mwana wawo wamkazi analira maliro a mayi ake pa foni, ali m'khitchini mwa Njovu, madzi a pampopi atawatsegula kuti abwana asamve. Atatha anati, "Ine ndikupita."

"Geti yokha yatsala," anatero Kalulu. "Mpanda wopanda geti ndi mpanda?"

Geti inaikidwa, yachitsulo, yakuda. Kalulu anaimba foni kukhwimitsa lamulo. "Dikirani, mbava zachuluka. Zina zimanama kuti ndi abale. Usiku usatsegulire aliyense. Wamva? Aliyense."

"Ndamva, bambo."

Dikirani atakwanitsa zaka 17, Kalulu anayang'ana chithunzi cha Fisi, anayang'ana chake, n'kuona kuti chake chapambana. Sanauze munthu. Ankafuna akangotulukira, mudzi udabwe. Anafika Lachinayi usiku pa galimoto yodzaza katundu. Piii! Piii!

"Ndani?" Anali mawu a munthu wamkulu.

"Tsegula, ndine bambo ako."

"Bambo anga ali ku Joni."

"Ndabwera! Ndine Kalulu, mwini nyumba ino. Ndili ndi mayi ako."

"Pepani, bambo anga amalankhula Lamulungu. Lero ndi Lachinayi. Ndipo anandiuza kuti ndisatsegulire aliyense."

Kalulu anagogoda. Anakuwa. Anayesa kudumpha, koma mpanda anaumanga yekha kuti wodumpha asaudumphe, pamwamba pali magalasi oswa. Mvula inayamba. Apa dontho, apo dontho, pamakutu dontho. Mkazi wake anangoti, "Muimbireni foni."

Foni inalira mkati mwa mpanda.

"Halo, bambo? Kunja kuno kuli anthu akuti ndi inu."

"Ndine amene, mwana wanga. Tsegula."

Geti inatseguka.

Mwina inu mukuti mwanayo anakwiya, anawatukwana, anawawerengera zaka. Ayi ndithu. Dikirani analeredwa bwino. Anagwada, anapereka moni ndi manja awiri, anawalandira katundu. Anawatenthetsera madzi osamba, anapha nkhuku, anawayalira m'chipinda cha alendo. Mayi ake atafuna kumukumbatira anaima nji ngati mtengo, mwaulemu, mpaka anamusiya. M'mawa anagwadanso pakhomo.

"Mwadzuka bwanji? Kaya mukhala masiku angati?"

Kalulu anayendera nyumba yake. Zipinda zisanu ndi chimodzi. M'chipinda chomaliza anapeza nsapato zitandanda m'mbali mwa khoma, kuyambira kakang'ono mpaka yaikulu, zonse zatsopano, kuphazi kwake kopanda ndi fumbi lomwe.

Anayesa kucheza naye pakhonde. Anafunsa za sukulu, anafunsa chimene akufuna amugulire. Mafunso anatha. Anakhala duu, bambo uku, mwana uku. Dikirani akaseka, ankasekera kwa Kamba. Akavutika mtima, ankapita kwa Kamba. Atapeza mbeta kutsidya kwa mtsinje, woyamba kumva anali Kamba, ndipo Kamba yemweyo ndiye anayenda ulendo wa unkhoswe. Kalulu analipira zonse, chakudya, zoimbira ndi mahema, ndipo anthu anamutamanda.

Ukwati utatha Dikirani anapita kuchikamwini, monga anachitira bambo ake. Anamanga nyumba yaudzu pafupi ndi apongozi. Kalulu anamutumizira uthenga kuti malata alipo, angotchula nambala. Yankho linabwera loti udzu ulipo wambiri kudambo, akafoleranso chilimwe.

Mudziwo suli kutali. Mukaima pa geti yakuda ija utsi wake mumauona. Kalulu ndi mkazi wake amasamba Lamulungu masana, n'kukhala pakhonde, foni ili pakati pawo. Dikirani sadumphitsa. Amaimba, amafunsa ngati ali bwino, amafunsa chimene akufuna awatumizire. Amalankhula mphindi zisanu.