Kodi kudula chifu n'kubera?

"Mwanenepatu!" Kwathu kuno mawu amenewa ndi moni. Munthu akatsika basi pa Lizulu kuchokera kutauni kapena ku Joni, azakhali amamuzungulira, kumugwira mkono, n'kunena mawuwa nkhope ili mwee. Tanthauzo lake n'lakuti kumene uliko ukudya, sukudwala, wakwanu akukusamala. Amene anaona zaka za m'ma 1990 akudziwa chifukwa chake mawuwa ali olemera chonchi. Nthawi imeneyo kuonda kunali chiweruzo. Edzi tinkaitchula kuti kaliwondewonde, ndipo munthu akangotsika thupi anthu ankayamba kunong'onezana ngati maliro achitika kale. Ma ARV aulere atayamba mu 2004, chizindikiro choyamba chakuti m'bale wabwerera kwa amoyo chinali masaya. Ndiye musadabwe gogo akamva kuti mdzukulu akufuna kuchepetsa thupi n'kufunsa kuti, "Lakulakwira chiyani thupilo?"

Pa foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi, mawu omwewo ndi chitonzo. Tsegulani TikTok kapena Facebook muone: tiyi wophwetsa mimba, lamba womanga m'chiuno, zithunzi ziwiri zogundizana, china munthu ali wonenepa nkhope ili yakugwa, china ataonda akumwetulira. Ife a m'badwo uno tili pakati pa mabwalo awiri a milandu. Kumudzi akuti nenepa tione kuti uli moyo, pa intaneti akuti onda tione kuti umadzigwira. Mabwalo onsewa amaweruza pongoyang'ana ndi maso. Palibe limene limafunsa za shuga kapena BP.

Ndipo nkhaniyi si ya azungu okha ayi. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera kupitirira muyezo, m'dziko lomwelo momwe ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Khomo limodzi likhoza kukhala ndi zonse ziwiri, mwana wosakula bwino ndi mayi wodwala shuga. Kafukufuku wa bungwe la MEIRU, wochitikira ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe ndipo wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti mwa amayi a m'tauni chiwerengerocho chinafika 44 pa 100.

Tiyeni tiyerekeze munthu, kuti tisamangolankhula manambala. Mayi wa zaka 43, wopikulitsa mbatata ya kachewere pamsika wa Lizulu, paja msewu wa M1 umakhala ngati malire, uku Malawi uko Mozambique. Poyamba ankalima yekha, kusenza yekha. Bizinesi itakula analemba anyamata onyamula matumba, iye n'kumakhala pampando tsiku lonse, kuwerenga ndalama ndi kunenerera mitengo ndi a malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndi wotalika mamita 1.6, akulemera makilogalamu 105. Achipatala ali ndi muyezo wotchedwa BMI: amatenga kulemera kwako n'kugawa ndi kutalika kwako kawiri. Wa mayiyu ukutuluka 41, pamene woyenera umalekezera pansi pa 25. Amuuza kuti ali ndi shuga, BP yakwera, maondo akulira akamadzuka. Mwana wake wamkazi wa ku Johannesburg wamva za opaleshoni yochepetsa chifu ndipo akuti asunga ndalama mpaka zikwane. Mchimwene wa mayiyo, yemwe ndi mwinimbumba, akuti: "Kung'amba munthu wamoyo chifukwa cha nsima? Achepetse mitanda basi. Zachidulezo n'kubera."

Mawu akuti kubera ndiwo andilembetsa nkhaniyi. Kubera ndani? Pamayeso a MSCE kubera n'kulakwa chifukwa pali anzako amene mukulimbirana malo, ndipo satifiketi idzanena kuti ukudziwa zomwe sukudziwa. Nanga apa mpikisano uli pati? Mayiyu shuga akatsika chifukwa cha mpeni wa dokotala, walanda chiyani kwa mnzake amene watsitsa wake ndi mbale? Ine ndikuona kuti pansi pa mawuwo pabisala chikhulupiriro chomwe sitichitchula poyera: kuti kunenepa ndi tchimo la dyera ndi ulesi, ndipo wochimwa ayenera kulipira ndi thukuta. Akapeza njira ina timamva ngati wathawa chilango. Komatu sitiganiza chonchi pa matenda ena. Wosuta fodya akadwala chifuwa sitimuuza kuti ayambe wakhosomola mokwanira asanalandire mankhwala. Pomwe timaganizako chonchi ndi pa mayi wochira kudzera pa opaleshoni, amene ena amamunong'ona kuti analephera kukankha, ndipo tonse tikudziwa kuti kunong'ona kumeneko ndi nkhanza chabe.

Chikhulupiriro chimenechi chimaiwala kuti thupi lili ndi nzeru zakezake, ndipo nzeruzo zinaphunzitsidwa ndi njala. Makolo athu anapulumuka njala ya 1949, ife ena tinaona ya 2002. Thupi la munthu kulikonse padziko linaumbidwa kuti likapeza lisunge, likayamba kutaya lichite mantha. Ukachepetsa kudya, njala imakwera, ndipo thupi limayamba kuwotcha chakudya mochepa, ngati mayi wosinira makala kumapeto kwa mwezi. Ku America kunali pulogalamu ya pa TV yotchedwa The Biggest Loser, pomwe anthu onenepa ankapikisana kuonda. Wasayansi Kevin Hall ndi anzake anatsatira 14 mwa iwo, ndipo mu 2016 anafalitsa zomwe anapeza patapita zaka 6: ambiri anali atanenepanso, ndipo matupi awo ankawotcha mphamvu zochepa ndi ma calorie pafupifupi 500 patsiku poyerekeza ndi zoyembekezeka. Anthu amenewa sanali aulesi, anatuluka thukuta dziko lonse likuonerera. Palinso kunenepa kobwera ndi mankhwala. Dolutegravir, amene analowa mu ma ARV a kuno mu 2019, amanenepetsa anthu ena, makamaka amayi, ndipo ameneyo si mankhwala oti munthu n'kuwasiya chifukwa cha galasi loyang'anira. Tikamaloza chala munthu pamsika sitidziwa kuti tikuloza chiyani.

Tsono opaleshoniyo imatani? Yofala kwambiri masiku ano ndi sleeve gastrectomy. Dokotala amaboola timabowo pamimba, n'kudula ndi kuchotsa gawo lalikulu la chifu, pafupifupi magawo 3 mwa 4 kapena kuposerapo, chotsala n'kukhala ngati nthochi. Mbali yochotsedwayo ndi imene imapanga kwambiri homoni ya njala yotchedwa ghrelin, choncho munthu samangokhuta msanga, njalanso imachepa. Ina ndi gastric bypass, imene dokotala Edward Mason wa ku Iowa anayambitsa m'zaka za m'ma 1960: amasiya kathumba kakang'ono ka chifu n'kukalumikiza kumatumbo, chakudya n'kumalambalala njira yakale. Ku Sweden kuyambira mu 1987 anatsatira anthu opitirira 4,000, theka ochitidwa opaleshoni, theka olandira chithandizo chamasiku onse. Zotsatira za mu 2007 zinaonetsa kuti imfa zinali zochepa ndi pafupifupi 29 pa 100 mwa ochitidwa opaleshoni. Kwa ambiri shuga amatsika ngakhale thupi lisanaphwe kwenikweni. Muyezo wakale wa 1991 unkati opaleshoni ndi ya munthu wa BMI 40, kapena 35 ngati ali ndi matenda monga shuga. Mu 2022 mabungwe a madokotala a ntchitoyi anautsitsanso. Mayi wathu uja akulowa mu miyezo yonse iwiri. Kwa iye iyi ndi nkhani ya impso, maso ndi sitiroko, osati ya diresi la paukwati.

Koma amene amaitcha chidule sanafunse amene anadutsamo. Walira mvula walira matope. Masabata oyamba ndi zamadzimadzi zokha, kenako zophwanyaphwanya ngati za khanda. Mtanda wathunthu wa nsima wautsanzika. Mavitamini, makamaka B12, ayironi ndi kashiamu, udzamwa moyo wako wonse, ndipo magazi ayenera kuyezedwa chaka ndi chaka. Mtsikana amauzidwa kuti asatenge pakati kwa miyezi 12 mpaka 18. Chifu chotsalacho chimatha kutanuka, ndipo womwa zotsekemera amanenepanso bwinobwino, chifukwa zamadzi zimadutsa ngakhale pakabowo. Mpeni suchotsa ntchito ya mbale, umangoipangitsa kukhala yotheka kwa munthu amene inkamukanika.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si chakuti n'kubera. Ndi mtunda. Pomwe anasoka pakhoza kuchucha m'masabata oyambirira, ndipo zikatero munthu amafunika dokotala wodziwa ntchitoyo tsiku lomwelo. Ngati wakudula ali ku Johannesburg kapena ku Mumbai, iwe wabwerera ku Lizulu chifukwa ndalama zogonera zatha, akuyang'anira ndani? Mavitamini aja uzigula kuti, ndi ndalama ziti, chaka chimene mbatata yawola m'munda? Mwana wa ku Joni uja ngati akufunadi kuthandiza amayi ake, awerengere zaka 20 zotsatira, osati tikiti ndi tsiku la opaleshoni lokha. Limeneli ndi funso la chilungamo, lomwe mwinimbumba akanafunsa mmalo mwa lija la kubera.

Nanga mbale ndi miyendo? Musandimve ngati ndikuzipeputsa. Kwa ambiri a ife amene tikuwerenga pano, a zaka 25 kapena 30 amene lamba wayamba kusuntha bowo, njira ndi imeneyi, ndipo ili ndi mphamvu kuposa momwe timaganizira. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, wofalitsidwa mu 2002, anatenga anthu amene shuga anali pakhomo. Anawapempha zinthu ziwiri: kutsitsa thupi ndi 7 pa 100, ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pasabata. Odwala shuga anachepa ndi 58 pa 100, kuposa amene anapatsidwa mankhwala a metformin. Taonani kuchepa kwake: munthu wa makilogalamu 90 angotaya 6 basi. Sadzaoneka ngati a pa TikTok aja, mwina azakhali sadzazindikira n'komwe, koma magazi adzadziwa. Ku Britain, kafukufuku wa DiRECT mu 2017 anaonetsa kuti pafupifupi theka la odwala shuga amene anatsata kadyedwe kokhwima moyang'aniridwa ndi achipatala, shuga wawo anabwerera mwakale pakutha pa chaka.

Ndipo kunena zoona, ndi malo ochepa m'Malawi muno amene ali ndi mwayi ngati Lizulu. Kabichi, kaloti, anyezi, tomato, nyemba, zili mbwee m'mbali mwa msewu, anthu a magalimoto amachita kuima kuti apikule. Vuto silili pamsika, lili m'mutu mwathu. Masamba tinawapatsa dzina la umphawi. Munthu akapeza kangachepe amathawa bonongwe ndi chisoso, amathawa mgaiwa chifukwa umamukumbutsa kusukulu yogonera konko, n'kulowa ufa woyera, tchipisi cha pachiwaya, kanyenya ndi botolo lozizira. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masipuni aang'ono pafupifupi 8. Tiyi wathu wam'mawa uja sindinena, timathira mpaka sipuni kuima. Ife Angoni timanyadiranso kuti nyama ndi mowa ndi zathu, koma makolo amene ankadya choncho ankayenda wapansi mitunda yoti ife lero timakwera kabaza wa njinga yamoto.

Apa ndi pamene mawu a mwinimbumba akuti "achepetse basi" amandipweteka, chifukwa kwathu munthu sadya yekha. Mphika ndi umodzi. Mayi akati lero tidye mgaiwa ndi nkhwani wopanda mafuta ambiri, bambo amafunsa ngati ndalama ya ndiwo inatayika. Kukana mtanda wachiwiri kwa apongozi ndi mwano. Pamaliro, pachinkhoswe, pamsonkhano wa banki m'khonde, chakudya ndicho chilankhulo, ndipo wokana amaoneka wonyada kapena wodwala. Mzimayi wa zaka 43 atavala nsapato n'kumayenda ndawala m'mbali mwa M1 mamawa, anyamata a pa siteji amufunsa kuti akuthamangitsidwa ndi ndani. Akaonda makilogalamu 10, manong'onong'o a kaliwondewonde aja amadzuka. Ndiye anthu omwe tikumuuza kuti adzigwire ndife omwe tikumugwira manja. Tikufuna alimbane ndi thupi lake, ndi mphika wake, ndi mudzi wonse, yekha, ndipo akalephera tinene kuti analibe mtima.

Mukandifunsa za mayiyu, ndinena chonchi. Ayambe ndi mbale ndi miyendo lero, osati ngati chilango kapena mayeso oti akhoze kaye, koma chifukwa njira zonse ziwiri zimadutsa pamenepo, ndipo madokotala a opaleshoniyo nawonso adzamufunsa zomwezo asanamugoneke pabedi. Amwe mankhwala a shuga ndi BP mokhulupirika, atiyi wa pa WhatsApp awasiye. Ikatha miyezi yambiri akuyesetsa moona koma shuga osagonja, ndipo ngati pali ndalama ndi dokotala woti azimuona pambuyo pake, apite akadulidwe mutu uli m'mwamba. Chifu ndi chake, ndipo maliro amene tikuwapewawo ndi ake.

Mwinimbumba uja ali ndi gawo lake, ndipo si laling'ono. Akabwera kudzacheza Lamlungu, alandire mgaiwa ndi mpiru wotendera popanda kukwinya nkhope. Botolo lozizira lija asabwere nalo. Ndipo mamawa ena, kuzizira kwa Lizulu kusanathe, avale jekete aperekeze mlongo wake mpaka pamsika wapansi, anyamata a pa siteji aseke anthu awiri.