M'mera Mpoyamba

Mlimi wa ku Chadiza amadziwa kuti chimanga chikafooka chikadali chaching'ono, feteleza wa mu Febuluwale sachipulumutsa. N'chifukwa chake makolo anati m'mera mpoyamba.

N'chimodzimodzinso ndi maphunziro. Zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka zoipa, timathamangira kuloza chala aphunzitsi a kusekondale. Koma mwana amene walowa sekondale akuvutikabe kuwerenga, angamuwongole ndani?

Chichotsereni fizi boma la Zambia mu 2022, ana ambiri abwerera kusukulu, ndipo zimenezi zimandisangalatsa kwambiri. Komabe makalasi adzaza: ana akupanikizana pa desiki imodzi, buku limodzi likungopatsiranidwa. Ndalama za chitukuko za CDF zikamamanga makalasi, zifikenso ku Giredi 1 kwa Zingalume ndi kwa Mlolo, kumene mwana amayambira kugwira pensulo.