Mutu ukakula sulewa nkhonya

Akuluakulu ponena mwambiwu ankatanthauza kuti wamkulu pamudzi ndiye amalandira madandaulo onse, ngakhale mlandu usali wake. Mfumu ya mzinda wa Blantyre imaudziwa bwino mwambi umenewu. Zinyalala zikaunjikana pamsika wa Limbe, kapena mvula ikakumba maenje m'misewu ya ku Ndirande, palibe amene amafunsa kuti ndalama za khonsolo zilipo zingati. Onse amangoti, "Kodi a meya ali kuti?"

Mpandowu ndi wakale. Blantyre idakhala ndi khonsolo yake mu 1895, ndipo Limbe nayo pambuyo pake inkadziyendetsera zake payokha mpaka matauni awiriwa adaphatikizidwa mu 1956. Chodabwitsa n'chakuti meya sasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda. Amasankhidwa ndi makhansala anzake pamodzi ndi aphungu a mumzindawu, ndipo ntchito za tsiku ndi tsiku ku likulu la khonsolo ku Civic Centre amayendetsa ndi mkulu wolembedwa ntchito. Mkanjo ndi unyolo wa pakhosi n'za meya, koma chikwama chili m'manja mwa ena.

Kuyambira 2005 kufika 2014 dziko lino lidalibe makhansala, choncho Blantyre idakhala yopanda meya. Ngalande zinkatsekekabe, ogulitsa malonda m'misewu ankathamangitsidwabe, koma anthu adasowa mutu woti aumenye, ndipo ine ndimaona kuti zaka zimenezo zidatipweteka kwambiri. Makhansala atabwerera mu 2014 adasankha a Noel Chalamanda, ndipo madandaulo a ku Bangwe ndi ku Chilomoni adapezanso khomo logogoda.